Ondijambula Akubwera

Dzanja langa lamanja limanjenjemera masiku ano, makamaka m'mawa chifunga chisanachoke m'mapirimu. Anthu amati ndi kachasu. Sindilimbana nawo, ngakhale kachasuyo ndinamusiya kalekale. Dzanjali latopa. Lajambula akazi ambiri kuposa amene amadzaza tchalitchi cha ku Kasina pa Pasaka, ndipo mwa onsewo, kupatula mmodzi kapena awiri, palibe amene ndinamuika mphuno.

Kwathu ndi cha ku Kabwazi, koma ndinakalowa chikamwini ku Mphunzi, m'mudzi woti ukaima pakhomo umaona phiri lija lokhala ndi zojambula za makolo pamiyala. Mkazi wanga Yasinta ankandiseka nalo phirilo. Ankati akalewo anali ndi nzeru, ankajambula ndi dothi laulere, pamene ine ndinasankha luso lodya ndalama ya feteleza. Sankanama. Ntchito inkabwera mwa apo ndi apo: kulemba dzina pa okala, kujambula mitu ya mametedwe pa babashopu, nthawi zina botolo pakhoma la malo omwera. Yaikulu imene ndinagwirapo kuno inali yokonzanso zithunzi za Njira ya Mtanda m'katchalitchi kathu, zimene denga lodontha linaziwononga. Mwana wathu anabadwa sabata imene ndinali pa chithunzi cha mayi uja wopukuta nkhope ya Ambuye ndi nsalu, ndiye tinamutcha Veronika. Akatekisiti anandilipira nyemba zofumbwa ndi madalitso, ndipo tinadya zonse ziwiri.

Chaka chimene mbatatesi yathu inapsa ndi chiwawu ndinayamba kutchera khutu ku nkhani za ku Joni. Munthu wina wochokera kumeneko anaona mitu yanga ija pa babashopu, n'kundiuza kuti ndikungotaya nthawi, kumeneko azungu amagula zithunzi ngati tomato. Mkamwini wopanda kanthu m'nkhokwe sagona tulo tabwino m'mudzi wa eni. Alamu anga a Lukasi, alongo ake a Yasinta, sankandinyoza poyera, koma akandipeza ndi bulashi m'manja nthawi yopalira ankandipatsa moni wautali kwambiri, akuyang'ana kumunda.

M'mawa wonyamuka Yasinta anandiperekeza mpaka pamsewu. Veronika ankabwera pambuyo pathu, mano akutsogolo ataguluka, akulimbana ndi chimanga chowotcha.

"Bambo a Vero," anatero Yasinta, "mwajambula mitu ya anthu osawadziwa dziko lonseli. Ine mkazi wanu simunandijambulepo."

"Ndi penti wa pakhomayu? Angakuipitse. Dikira ndikabwere ndi penti weniweni, ndidzakukhazika pampando, ndidzakujambula bwinobwino."

"Mubwera liti?"

"Ukakolola kawiri, kachitatu tidzakolola limodzi."

Anaseka, mutu ataupendeketsa, mano onse pamtunda. Kuseka kumeneko ndiko ndinanyamula. Zina zonse zimene zinali m'chikwama tsiku limenelo zinang'ambika kapena kubedwa. Za ulendowo ndimangokumbukira kutentha kwa ku Tete, kumene ine mwana wa ku Dedza ndinaona ngati ndikuphikidwa, ndi miyendo yotupa chifukwa chokhala masiku awiri pakati pa matumba a anthu.

Ku Joni ndinayamba ndi kupenta mipanda. Kenako ndinakumana ndi a Zuze, bambo wachikulire wa ku Angonia, kuseri kwa malire athu komweku, amene ankasema ziboliboli. Titangopatsana moni tinapeza kuti chilankhulo n'chimodzi, misika imene tinkayendako ndi yomweyo. Ndiwo ananditengera kwa bwana wawo, mwini shopu yogulitsa zinthu kwa alendo odzaona dziko. Bwanayo tinkamutchula kuti Changu, chifukwa ndi mawu okhawo a Chichewa amene anaphunzira, ndipo ankawatchula bwino kuposa eni akefe. Tinkagwira ntchito m'galaja kuseri kwa nyumba yake, ndipo tinkagona momwemo.

Poyamba ndinafuna kuonetsa luso. Ndinajambula mayi atasenza mtolo wa nkhuni, ndinamuika maso, makwinya, thukuta pamphumi, mpaka mphini za patsaya. Zinanditengera masiku awiri. Changu anachiyang'ana n'kulankhula zambiri m'Chingerezi chothamanga. A Zuze anandimasulira mwachidule.

"Akuti mwajambula bwino, koma musadzabwerezenso."

"Chalakwika n'chiyani?"

"Nkhope, achimwene. Nkhope imadya nthawi. Ndiponso akuti ogulawo safuna chithunzi chowayang'ana akamadya. Amafuna iwo ndiwo aziyang'ana."

Ndiye ndinaphunzira ntchito yake. Umakhoma nsalu khumi pakhoma. Umayamba ndi thambo lofiira, nsalu yoyamba mpaka yakhumi. Pobwerera umapaka nthaka yakuda. Kenako mtengo umodzi wa nthambi zotambalala, umene sindinauonepo kwathu kuno. Pomaliza akazi atatu aatali, owonda ngati bango, mitsuko pamutu, ndipo pamalo pa nkhope umangodontheza kakuda. Pansi pake ndinkalemba dzina limene Changu anandisankhira, poti langali, la ubatizo, akuti silinkamveka la ku Africa. Ndinakhala nalo dzina limenelo mpaka ndinayamba kuyankha akandiitana nalo. Ndinkadziuza kuti walira mvula walira matope, zonsezi n'zakanthawi.

Kushopuko ndinafikako kamodzi kokha, tsiku limene wonyamula katundu anadwala. Akazi anga aja anali ndandanda pakhoma, magetsi akuwaunikira, ndipo pambali pawo panali kapepala kokhala ndi chithunzi cha nkhalamba ina itavala chikopa, akuti ndiye wojambulayo. Mayi wina wachizungu anagula chimodzi, n'kundikodola kuti ndikamuikire m'galimoto. Anandiuza kuti ndichigwire mosamala, ndingadetse. Ndinachigwira mosamala. Nditawafotokozera a Zuze anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nkhalambayo ndi yomweyonso imasema ziboliboli zawo.

Anthu amati ku Dedza kumazizira. Kunotu chisanu chimakupeza uli ndi nkhuni ndi anthu. Cha kumeneko chimakupeza pa simenti, chifuwa chitadzaza fungo la penti wosauma. A Zuze ankaphika tiyi m'chitini chotsukatsuka, ndipo tinkamwa tikukangana ngati mbatatesi yokoma ndi ya kwawo kapena ya kwathu, pamene mapiri ake ndi amodzi omwewo. Ndikadwala ankandipakira thambo ndi nthaka kuti Changu asaone kuti nsalu zatsalira. Thambo lawo linkakhala ndi mizere, koma ogula sankadandaula.

Masiku a pa pasipoti anatha mwezi woyamba womwewo, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala munthu woyenda mocheukacheuka. Kubwera kudzaona kumudzi kunatanthauza kusabwereranso. Ndiye chaka chilichonse ndinkati nditumize kaye za malata, nditumize kaye za sukulu ya Vero, nditumize kaye za feteleza. Kutumiza ndinkatumiza, pamenepo pokha palibe angandinene. Nthawi ina eni dziko anatiukira alendofe, kuotcha timashopu ndi kuthamangitsa anthu m'misewu. Changu anatitsekera m'galaja sabata yathunthu kuti atiteteze, ndipo pobweretsa buledi anabweretsanso mulu wa nsalu kuti tisasowe chochita.

Yasinta anali ndi kafoni kamabatani, ndipo kuti timvane ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola. Vero akapatsidwa foniyo ankangoti ali bwino, n'kuibweza. Nditagula foni yoonetsa zithunzi ndinamupempha Yasinta kuti apite kwa aphunzitsi akamujambule pa foni yawo, anditumizire.

"Ayi," anatero. "Ondijambula ndinu. Munalonjeza pamsewu paja."

"Kumeneko ndi kujambula kwina, make Vero. Uku n'kongodina."

"Kujambula n'kujambula. Mukafuna kuona nkhope yanga, bwerani ndi penti wanu uja."

Ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Ndinapemphanso kangapo, yankho n'kukhala lomwelo, mpaka ndinasiya kupempha.

Lamulungu lina ndinatola thabwa la kumbuyo kwa kabati yothyoka imene anthu anataya pamsewu. Ndinalipaka zoyera n'kuyamba kujambula Yasinta kuchokera m'mutu: mutu wopendekeka uja, mano onse pamtunda, kadontho kakuda pansi pa diso lamanzere. Kupatula ya mayi wa nkhuni uja, ndi nkhope yokhayo imene ndinajambula zaka zonsezo. Ndinkalibisa kuseri kwa matumba a utuchi, ndipo Lamulungu lililonse ndinkalitulutsa, kukonza apa, kuwalitsa apo. Tsiku lina a Zuze anasiya kunola kasemasema wawo n'kumandiyang'ana.

"Achimwene, mlamu wangayu sakalamba?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine ndinabwera kuno tsitsi lili bii, taonani lero. Inunso pamutupo payamba kuyera. Koma mayiwa chaka chilichonse akunka nakongola. Kumudziko kulibe dzuwa?"

Ndinawauza kuti asamale ziboliboli zawo.

Maso awo atayamba kuchita chifunga ndi fumbi la mitengo, a Zuze anamanga katundu. Anandichonderera kuti tipitire limodzi, basi ndi imodzi, tikatsikira malo amodzi. "Kwanu n'kwanu, achimwene, m'thengo mudalaka njoka." Ndinati nditsala pang'ono, ndimalize za chaka chino. Anandisiyira chitini chawo cha tiyi, ndipo sindinamvenso za iwo.

Foni ya a Lukasi inandipeza masana, ndili pa thambo lachinayi.

"Alamu, kuno zinthu sizili bwino. Mlongo wanga watisiya m'mawa uno. Wangodwala masiku atatu, chibayo."

Sindikumbukira chimene ndinayankha. Chimene ndimakumbukira n'chakuti nditaika foni pansi ndinamaliza nsalu zotsalazo, chifukwa penti ndinali nditasakaniza kale ndipo akanauma. Zimandichititsa manyazi mpaka lero, koma ndizo ndinachita. Maliro anaikidwa mawa lake. Ndinatumiza za bokosi. Kenako ndinakhalabe miyezi ndi miyezi, tsopano osati chifukwa cha mapepala, koma chifukwa sindinkadziwa kuti ndikalowa ndi nkhope yanji m'mudzimo. Mpaka a Lukasi anaimbanso kuti amanga chiliza, ndipo mwambo sungathe popanda ine.

Ndinanyamula chikwama chimodzi, mabulashi, timachubu ta penti weniweni uja, ndi thabwa lija nditalikulunga m'bulangete. Changu anandigwira chanza n'kufunsa ngati kwathu kuli wina wodziwa kujambula.

Nditatsika pamsewu waukulu ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Woyendetsayo anali bambo wolongolola, wobwera m'derali ine nditachoka kale. Titafika pa kamlatho kothyoka tinatsika n'kuwoloka wapansi, tikukankha njinga.

"Sakonza mlathowu?" ndinafunsa.

"Aaa, bwana, umenewu ndiye ondijambula akubwera."

"Mwati bwanji?"

"Ndi kanenedwe kathu kuno. Chinthu chikamangolonjezedwa koma choti sichidzachitika, timati ondijambula akubwera. Kunali mayi wina m'mudzi mukupitamu, amuna awo anatchona ku Joni. Ndiye kaya pa ukwati, kaya pa ubatizo, munthu akangokweza foni iwo ankatembenuka kapena kudziphimba ndi chitenje, amvekere, 'Ine ayi, ondijambula akubwera.' Mpaka amwalira chaka chathachi. Anali mayi abwino, koma anthu ndi anthu, mawuwo anawatola."

"Nanga amuna awowo?"

"Kaya. Ena amati anakwatira konko. Inu mukupita kwa yani?"

Ndinamuuza kuti anditsitse pa tchalitchi, kwatsalako ndiyenda wapansi.

Nyumba ndinaizindikira ndi mtengo wa mapichesi. Malata anga aja anali atachita dzimbiri ndisanagonepo pansi pake ndi tsiku limodzi lomwe. Pakhomo panatuluka mayi wamng'ono, mwana kumsana. Anandiyalira mphasa n'kukagwada poteropo, patali ndithu.

"Mwayenda bwanji?"

Anali Veronika. Sanati bambo, sanati ababa, ndipo anapeza njira zambiri zondilankhulira popanda kunditchula chilichonse. Madzi ali kubafa. Chakudya chili apo. Ndinamva kuwawa, koma ndinalibe poyambira kudandaula.

A Lukasi, tsopano imvi zili mbuu, anandifotokozera dongosolo. Loweruka Misa, kenako kumanda kukadalitsa chiliza, ndipo tikabwerako ankhoswe adzandisudzula monga mwa mwambo, kuti ukwati watha, ndine womasuka kubwerera kwathu. Analankhula mwaulemu. Ndinamva bwino lomwe chimene chinali pansi pa ulemuwo: likadutsa Loweruka m'mudzi muno ndilibemo kanthu, pokhapokha mwanayo atafuna yekha kuti ndikhalebe bambo wake.

"Chatisowa n'chithunzi," anatero a Lukasi. "Mwanayu amafuna chithunzi cha mayi ake chikhale kutsogolo pa Misa. Cha pa chiphaso chija n'chaching'ono ngati njere ya nyemba, munthu sungamuzindikire."

Ndinati apa pokha ndafika ndi chinthu m'manja. Ndinamasula bulangete lija n'kuimika thabwa pakhoma, pamene dzuwa linkawala bwino.

A Lukasi anavula chipewa. "Mayo ine. Yasinta ali mtsikana."

Veronika anayandikira, anayang'ana nthawi yaitali, mwana akumukoka duku.

"Awa ndani?"

"Ndi amayi ako," ndinatero.

"Amayi anga si awa." Sanakweze mawu. "Awa ndi okongola, koma sindikuwadziwa. Ine ndikufuna amayi anga, amene ndinawadwazika m'nyumba umu."

Ndinati ndifunafuna thabwa lina, andiuze mmene analili, ndiyesa.

"Thabwa lina la chiyani? Konzani pomwepa. Misa ndi Loweruka."

Ndinaliyang'ana thabwalo. Zaka zonse zija za m'galaja, chinthu changachanga chinali chimenechi. Koma ndinaona kuti ndikakana abwerera patali paja, n'kumandiuza kuti madzi ali kubafa mpaka Loweruka lidutse. Ndinapempha madzi m'kachitini ndi kansanza.

Tinagwira masiku atatu pakhonde, kuyambira chifunga chikachoka mpaka dzuwa likapendeka. Iye ankakhala kumbuyo kwanga akutongola chimanga, n'kumaloza ndi chitsononkho.

"Masayawo achepetseni. Chepetsaninso."

Ndinachepetsa.

"Pakamwapo tsekani. Sankaseka choncho."

"Amayi ako ankaseka mano onse pamtunda."

"Kale mwina. Dzino la apa linachotsedwa ine ndili sitandade faifi. Linawatupitsa mwezi wathunthu, anapita kuchipatala wapansi. Kuyambira pamenepo ankaseka atatseka milomo."

Za dzinolo sanandiuzepo pa foni. Ndinasakaniza penti n'kutseka kuseka kuja kumene ndinanyamula pamsewu. Dzanja linayamba kunjenjemera tsiku limenelo.

Tsiku lachiwiri anandiuza za chipsera, pamwamba pa nsidze yakumanja, chotsetserekera kukhutu.

"Chinabwera bwanji?"

"Malata anu aja. Amisiri anakhoma mwachinyengo, ndiye kutabwera chimphepo lina linayamba kunyamuka. Pakhomo panalibe mwamuna, amalume anali kudimba. Anakwera okha ndi mwala kuti alipsinje. Linawatema."

Anazinena ngati akunena za mtengo wa sopo. Kenako khosi, lopendekera kumanzere chifukwa cha matumba a mbatatesi opita nawo kumsewu. Ine mutuwo ndinali nditaupendeketsa kumanja, mwa manyazi a utsikana. Ndinauwongola n'kuupendeketsa mbali inayo. Imvi zotulukira m'mphepete mwa duku. Mizere iwiri pakati pa nsidze, imene akuti inkazama akamamvetsera foni pachulu paja. Kadontho ka pansi pa diso kokha ndiko sanandiuze kuti ndisinthe.

Pena ankayamba nkhani yosakhudza chithunzi. Akuti amayi ake ankaimba molakwitsa mawu m'kwaya, koma mokweza kuposa onse, ndipo palibe ankalimba mtima kuwauza. Akuti anathamangitsapo wogula mbatatesi wa sikelo yakuba ndi mpini wa khasu mpaka pa kamlatho kaja. Anayamba kuseka, n'kudzigwira atakumbukira kuti akulankhula ndi ine.

"Kumeneko munkajambula chiyani?" anafunsa.

"Akazi osenza mitsuko."

"Ankaoneka bwanji?"

"Analibe nkhope."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

Anapitiriza kutongola chimanga chake.

Tsiku lachitatu tinafika pa maso. Anandibwezetsa kanayi.

"Awa akuyang'ana ngati akufuna kanthu kwa munthu. Amayi sankayang'ana choncho. Ankayang'ana ngati amva kale zimene ukufuna kunena."

Ndinachepetsa kuwala, ndinatsitsa zikope pang'ono. Ndinamva chitsononkho chikugwa pansi. Nditacheuka ndinamuona atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Basi. Musakhudzenso. Ndi amenewa."

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Pathabwapo panali mayi wotopa, wolimba, wa chipsera pamphumi, woti ndikanakumana naye pamsika ndikanamupatsa moni waulemu n'kudutsa. Ndi ntchito yabwino kuposa zonse zimene dzanja langa linagwirapo, ndipo munthu wake sindinkamudziwa. Veronika anati ndilembe dzina pansi pake. Dzanja linayamba lokha chilembo choyamba cha dzina la ku Joni lija. Ndinachifufuta ndi chala n'kulemba langa.

Loweruka Veronika anachinyamula yekha, atachiyang'anitsa kutsogolo. Asanafike n'pakhomo la tchalitchi pomwe, amayi a mphakati anayamba kulira. "Ndi yemweyo! Taonani chipsera chija! Yasinta iwe!" Mayi wina anachisisita tsaya ndi dzanja. Wa kabaza uja analiponso. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, n'kuweramitsa mutu. Mudzi wonse unamuzindikira mkazi wanga. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi zithunzi zanga zakale za Njira ya Mtanda, zimene zayambanso kusuluka.

Titabwera kumanda anandisudzula. Sizinatenge nthawi. Ankhoswe a uku analankhula, a uko anayankha, tinawomba m'manja, basi. M'mawa mwake ndinamanga chikwama, bulangete lili lopepuka. Veronika anandiperekeza, mwana kumsana, mpaka pamsewu pomwe paja. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma munthu amene lonjezo lake linasanduka choseketsa cha mudzi salonjezanso kanthu.

Njinga itamveka patali, analankhula akuyang'ana pansi.

"Oyamba aja, oseka aja. Mukuwakumbukirabe?"

"Ndikuwakumbukira."

"Ine sindiwakumbukira. Mukapeza thabwa mudzandijambulire." Anakonza mwana kumsana. "Koma mudzabwere nacho nokha, ababa. Musatumize."

Thabwa ndinalipeza kwa kalipentala kuno ku Kabwazi. Dzanja limandilola maola awiri okha patsiku, ndiye chanditengera milungu yambiri, ndipo kawiri konse ndinapeza nditayamba kuika chipsera chija mosadziwa. Ndachimaliza dzulo. Mano onse ali pamtunda. Mvula yayamba, ndipo ndamva kuti kamlatho kaja sanakakonzebe, njinga sizikudutsa. Chithunzicho ndachikulunga m'pulasitiki. Ndinyamuka mawa chifunga chikachoka, ndikawoloka wapansi.